Datisani Yozimira pa Manda

Angella ananyamuka pa Bolero dzuwa litalowa kale, ndipo sikunali kufuna kwake. Anamuchedwetsa ndi Griffin, makaniko wa pamsika. Kuyambira masana mutu wake unali pansi pa boneti ya galimoto yakale ya Angella, ya mtundu wa Datisani, kusintha mapulagi kachitatu mwezi womwewo, kupala mitu ya batire ndi mpeni, kuuzira m'kasefa ka petulo mpaka masaya kufufuma. Potsiriza anapukuta manja n'kunena chilungamo.

"Madamu, ine vuto sindikuliona. Tamvani mmene ikuliriramu, ngati yatsopano. Gonani, munyamuke mawa kukacha."

"Mawa kukacha ikandizimira panjira ndikadandaulira ndani? Lero ndili ndi usiku wonse wolimbana nayo," anayankha Angella, n'kumenyetsa chitseko.

Mayiyu anali mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale, kwawo ku Ntcheu. Anakwatiwa ndi Hezron Nyirenda wa ku Hewe, ndipo panali patapita miyezi isanu chimuikireni m'manda mwamunayo. Galimotoyo anaigula awiri, ndipo amene ankaiyendetsa kwambiri anali Angella yemweyo, poti maso a Hezron ankavuta. Koma chichokereni kumaliro inayamba khalidwe lachilendo. Kusukulu inkapita, kutchalitchi inkapita, kuchigayo inkapita. Ikangolowa msewu wa ku Hewe, n'kufika pa manda ena ali m'mbali mwa msewu, pokwera chitunda, basi, inkazima. Zinachitika kawiri. Maulendo onse awiri inadzalira yokha patapita nthawi, ndipo anthu amene anawanyamula anamuchonderera kuti abwerere.

Nkhani yotere ilibe miyendo koma ku Hewe inakafika msanga. Overton, mkulu wake wa malemuyo, anaigwira ndi manja awiri.

"Mwini wake wakana," ankatero kwa aliyense. "Akufa anzake akumuthandiza kuimitsa. Galimoto ibwere kuno kwa abale, ikhale pakhomo pa a Nyirenda."

Akuluakulu a banja anagamula motere: Loweruka m'mawa ndi tsiku logawa katundu wa malemu. Ngati Datisani ifika pa Hewe yokha, osakokedwa, Angella ali pa chiwongolero, ndi yake. Ikakana kachitatu, ndiye kuti Hezron wayankhula, Overton akaitenga ndi ng'ombe. Tsiku limene Angella ananyamukali linali Lachisanu.

Batire anali atasintha. Koilo anasintha. Pampu ya petulo anagula ina ku Mzuzu. Aphunzitsi anzake anamunong'oneza za sing'anga wina wa ku Henga wodziwa kusambitsa magalimoto, iye n'kuwaseka pamaso.

"Chitsulo ichi, amayi inu. Chikadwala chimafuna sipanala."

Amene munayendapo msewu umenewo mwezi wa Okotobala mukuudziwa. Ine ndinaudutsa wapansi, pa njinga, ndi pamwamba pa mabelo a fodya, ndipo sindinaukondepo. Fumbi limalowa mpaka m'mano. Usiku umenewo kunkatentha ngati masana, moto wolusa ukuoneka m'mapiri chapatali. Thanki inali yodzaza mpaka pakamwa, monga ankachitira nthawi zonse popita ku Hewe, poti kumeneko petulo ndi wa m'zigubu. Angella anadutsa zigafa za fodya zopanda kanthu, anadutsa anyamata awiri okankha njinga ya makala, anadutsa kamlatho ka matabwa. Kenako nyumba zinatha. Anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, osati chifukwa cha mantha, anatero mumtima, koma kuti asawodzere.

Chitunda chija chinafika. Anaika giya yachiwiri. Mitengo ikuluikulu ya pamanda inayamba kuoneka kumanzere, yakuda bii kuposa mdima womwe.

Injini inatsokomola.

"Ayi," anatero Angella. "Lero ayi."

Anaponda moto. Inatsokomolanso. Inanjenjemera, inakoka pang'ono, n'kutsamwa... Zii!

Anapotokola kiyi. Sitata inazungulira bwinobwino, nga-nga-nga-nga, koma injini osagwira. Anayesanso. Chimodzimodzi. Anazimitsa magetsi kuti asathe batire, ndipo mdima unamugwera ngati bulangete.

Anatuluka, anaika mwala kuseri kwa tayala, anatsegula boneti. Foni inalibe netiweki, koma tochi yake inkayaka. Anagwedeza mawaya a mapulagi mmodzimmodzi monga anaonera kwa Griffin. Onse olimba. Mitu ya batire yowala. Palibe chodontha, palibe chopsa.

Apa ndi pamene mkwiyo wa miyezi isanu unamukwera. Anatembenukira kumanda kuja, manja m'chiuno.

"Kodi ndinu? Ndinu amene mukundigwirira galimoto? Tulukani mundiuze pamaso! Hezron, ngati wawatuma ndiwe, ukudziwa bwino kuti matayala awa ndinapopa ndine iwe utakhala pamthunzi! Ine sindibwerera. Mwamva? Sindibwerera!"

Mawu ake anamira m'mitengo. Nkhululu zimene zinkalira zinasiya. Zonse pamodzi.

Kunazizira.

"Monire, mama."

Angella anadumpha, foni n'kugwa pansi! Ataitola anawunika. Pafupi ndi chitseko cha galimoto panali pataima bambo wamfupi, wa imvi, atavala ovolosi yothimbirira ndi girisi. Manja anawabisa kumbuyo. Sanamumve akubwera, chonsecho m'mbali mwa msewu munali masamba ouma okhaokha.

"Yazima bwanji?" anafunsa bamboyo, Chichewa chake chokoka ngati cha Mtumbuka aliyense wa kumeneko.

"Ya... yangozima, bambo."

"Ayi. Galimoto siingozima. Yazima kamodzi ngati kandulo, panji inayamba yatsokomola?"

"Inatsokomola. Kawiri."

"Ndiye moto ulipo. Mapulagi asiyeni, alibe mlandu. Iyi ndi njala."

"Njala bwanji? Thanki ndadzaza ndekha."

Bamboyo anapendeketsa mutu ngati akumvetsera chinthu chakutali. Kunkanunkhira oilo wakale... ndi dothi lonyowa. Dothi lonyowa mu Okotobala!

"Imazima pano pokha?"

"Pano pokha. Aliyense akudziwa."

"Kumbukirani bwino, mama."

Angella anafuna kukalipa, koma anaima. Ulendo wachiwiri uja, pobwerera ku Bolero, inazimanso pa kamlatho ka matabwa. Anadikira, inalira, anafika kunyumba. Palibe amene anaikamba nkhani imeneyo, ngakhale iye mwini.

"Inazimaponso pamlatho," anatero pang'onopang'ono.

"Pamlatho palibe manda. N'chifukwa chake munaiwala." Bamboyo anaseka osatsegula pakamwa. "Ulendo waufupi siizima. Wautali imazima. Mukaipumitsa imadzuka. Thanki ikadzaza imafulumira kufa. Si choncho?"

"Ndi choncho."

"Ife tilibe nayo ntchito galimoto yanu."

Ife? Angella anakukuta mano, n'kumutambasulira foni.

"Ngati mukudziwa, gwirani tochiyi muone nokha."

"Manja anga sagwiranso zitsulo. Pitani kuthanki."

Anapita. Anawunika pakamwa pa thanki, ndipo anaona ntchito ya manja ake omwe. Chitsekero chenicheni chinasowa tsiku la maliro, galimoto ikututa anthu ndi nkhuni. Iye, poopa fumbi ndi akuba petulo, anatenga jumbo yochindikala, anaipinda kanayi, n'kuimanga ndi mphira ya chubu cha njinga, kukulunga kakhumi, mmene amamangira chigubu cha thobwa kuti chisatayike panjira. Pothira petulo ankamasula yekha, n'kumanganso yekha. Griffin sanayang'aneko n'kamodzi komwe. Iye ankangodziwa za kutsogolo.

Jumboyo inali italowa m'kati, yokokeka ngati tsaya la munthu wopanda mano.

"Masulani," anatero mawu aja. Tsopano anali kumbuyo kwake. Pafupi. Koma mpweya wa munthu pakhosi pake sanaumve.

Mfundo inakana. Anailuma ndi mano. Mphira inaduka...

Fyuuuuuu!

Thanki inakoka mpweya ngati munthu wovuulidwa m'madzi. Kenako pansi pa galimoto, gu! Chitsulo chinadziwongola. Angella anakuwa.

"Mwaimva?" anatero bamboyo. "Munaitseka mphuno. Petulo akamatuluka, mpweya uzilowa. Mpweya ukapanda kulowa, pampu imakoka mpaka kutopa. Mukaima, umalowa pang'onopang'ono m'mbali, ndiye imadzuka. Kuchokera pa Bolero, mpweya wake umathera pa chitunda chino. Basi."

"Basi? Miyezi isanu... jumbo?"

"Mangani nsalu. Nsalu imapuma."

Angella anang'amba m'mphepete mwa chitenje chake, anakulunga pakamwa pa thanki, n'kumanga mosalimbitsa. Anatseka boneti, anachotsa mwala, analowa, phazi pa buleki.

"Pondani moto katatu. Musaileke msanga, petulo ali kutali."

Nga-nga-nga-nga... nga-nga-nga... Palibe.

"Kachiwiri."

Nga-nga-nga... bvu... bvu... bvuuuum!

Datisani inalira mpaka chiwongolero kunjenjemera. Angella anamenya hutala ndi chibakera, misozi ili mbwembwembwe, akuseka. Anasuzumira pawindo.

"Bambo, kwerani ndikakusiyeni kwanu. Dzina lanu ndani?"

"Gordon Msiska. Ndinkakonza magalimoto a ku Thazima." Mawuwo tsopano ankachokera kutsogolo kwa galimoto. "Kwathu ndafika kale. Koma mama, tsiku lina osamakuwa chomene pano. Anthu akugona."

Angella anayatsa magetsi.

Msewu. Fumbi. Mitengo.

Munthu palibe!

Kuwala kunagwera pa fumbi la kutsogolo kwa boneti. Mapazi analipo ambirimbiri, opita uku ndi uku. Onse a nsapato zake. Ake okha...

Nkhululu zinayambanso kulira.

Wina akanatembenuza galimoto pomwepo, ndipo sindikanamunena. Angella anatsegula windo mpaka pansi, anayang'ana kumitengo kuja, n'kunena mokweza ndithu:

"Yewo chomene, adada."

Anaika giya yoyamba, n'kukwera chitunda.

Siinatsokomolenso. Inadutsa madambo ouma, inadutsa mitsinje ya mchenga, inakwera, inatsika, ikulira mofanana ngati makina osokera. Cha m'ma naini koloko magetsi ake anawala pa khoma la nyumba ya a Nyirenda ku Hewe. Angella anaima pakati pa bwalo, injini osazimitsa, n'kukanikiza hutala mpaka agalu a mudzi wonse kudzuka. Kenako anatsika.

Anthu anatuluka, ena atafunda zitenje. Overton anabwera ndi tochi, malaya osamanga mabatani. Anazungulira galimoto, anawerama kutsogolo kufuna chingwe chokokera, anawunika kumsewu kufuna ng'ombe kapena thirakitala. Kumbuyo kwake kunali a Lettie, azakhali awo a malemu Hezron, amene anagamula nawo nkhani ija.

"Mwafika, mlamu," anatero Overton mouma.

"Ndafika, alamu. Gwirani boneti mumve kutentha, mwina mukuganiza kuti ndaisenza pamutu."

Atsikana ena anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Pamanda paja siinazime?"

"Inazima. Ine sindinama."

"Ehe! Mwamva nonse? Inazima!" Overton anatembenukira kwa anthu. "Ndiye wakukankhani ndani? Tinagwirizana kuti ifike yokha."

"Palibe wakankha, palibe wakoka. Vuto linali jumbo imene ndinamanga pathanki, inkaitsekera mpweya. Onani, nsalu iyi. Anandiuza ndi makaniko wina amene anandipeza pomwepo, ndipo sanaikhudze n'chala chomwe."

"Makaniko usiku, pathengo paja? Wa kuti? Tchulani dzina, ife a kuno timadziwana."

"A Gordon Msiska, a ku Thazima."

Tochi ya Overton inatsika yokha mpaka kuwunika mapazi ake. A Lettie anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Mwana wanga," anatero a Lettie, "wati ndani?"

"Gordon Msiska. Wamfupi, wa imvi."

"Overton, muuze iwe. Unanyamula nawo bokosi."

Overton anatembenukira kwa Angella.

"Gordon... Gordon anafa, mlamu. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Lole ya chimanga inafera pa chitunda chomwecho, iye analowa pansi kuti aikonze, jeke inaterereka. Tinamuika pamanda omwewo. Manda ake ndi oyamba kuchokera kumsewu."

Injini yokha ndiyo inkalira.

Angella anagwira chitseko cha galimoto mpaka zala kuwawa. Anapuma kamodzi, kawiri. Kenako analowetsa dzanja pawindo, anazimitsa injini yekha, anazula kiyi n'kumumangirira pa nsonga ya chitenje chong'ambika chija.

"Alamu, miyezi yonseyi mwakhala mukundiyankhulira akufa. Lero ndawafunsa ndekha, ndipo ayankha. Amene sakukhutira, msewu ndi womwewu, akawadzutse awafunsenso. Azakhali, madzi osamba alipo? Fumbi landikwana."