Amene Ankapotokola Kiyi

Madzulo amenewo Rumen anangomwa supu wa nyemba pang'ono n'kubwerera ku galaja. Mwana wake Nevena anali woyembekezera, masiku atakwana, ndipo chipale chofewa chinali chitayamba kutseka msewu wotsikira m'tauni. Galimoto pamudzi wa m'phiriwo inali imodzi, yakale ya Rumen, ndipo inali itakana kulira.

Pampu ya petulo inkamveka bwinobwino. Mainjekita ankapopera petuloyo mu injini. Koma ku mapulagi kunalibe moto.

Kuyesa moto kumafuna anthu awiri: wina agwirize pulagi pachitsulo cha injini, wina apotokole kiyi. Koma Rumen anali atathamangitsa mkamwini wake Kiril masana chifukwa chosokoneza mawaya.

Ali chiweramire pansi pa boneti, anamva chitseko cha galimoto chikutseguka. Galimoto inatsika pang'ono, munthu atakhala.

"Wabwera, katswiri?" anatero Rumen osadzutsa mutu. "Usakhudze kanthu. Ndikati liza, uziliza."

Yankho kunalibe. Mkwiyo wa masana uja, anaganiza choncho.

"Liza!"

Sitata inazungulira. Pulagi inangoti zii.

Anagunditsa kababu koyesera pa waya wobweretsa magetsi ku koyilo. Kanayaka. Anakasamutsira ku waya winayo, wopita ku kabokosi kolamula moto.

"Liza!"

Kababu kanayenera kuphethira. Sikanaphethire. Waya uja anali ataduka penapake. Anayamba kuutsatira ndi zala zouma ndi chisanu, mpaka unasowa m'mtolo wa anzake.

Go, go. Kugogoda kunachokera m'kati mwa galimoto.

"Iwe, iyi si ng'oma."

Go, go. Tsopano chakumanzere, chapansi. Rumen anawalitsa tochi pamenepo. Waya anali atadyedwa ndi khoswe, kutsala kaulusi kamodzi. Anadabwa kuti Kiril wadziwa bwanji, koma anaulumikiza n'kuukulunga ndi tepi.

"Liza!"

Moto wabuluu unathetheka pa pulagi, the-the-the! Rumen anaseka.

Nthawi yomweyo chitseko cha galaja chinatseguka. Analowa Kiril, chipale chili mbuu pamapewa.

"Bambo, Nevena matenda ayamba! Nsupa yasweka!"

Sitata inali ikuzungulirabe.

Onse awiri anaimva. Kenako inasiya.

Rumen anasuzumira pang'onopang'ono kuseri kwa boneti. Pampando panalibe munthu. Magalasi anali atachita nkhungu m'kati, ngati wina wakhala akupumamo, ndipo khushoni yomwe inali itabonyoka inkafufuma yokha.

"Mumayankhula ndi ndani?" Kiril ananong'oneza.

Kunyumba Nevena anakuwa.

Rumen anabwezera pulagi mofulumira. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kukhala pampando uja. Unali wozizira ngati mwala wa mumtsinje. Atangokhudza kiyi, injini inalira.

Kiril ndi Nevena anakhala kumbuyo. Anatsika phiri pang'onopang'ono, matayala akuterereka. Atafika pa mlatho, Nevena anapuma mozama n'kuloza mpando wopanda munthu pafupi ndi bambo ake.

"Ababa, amayi akutsogolowa ndi azamba? Bwanji sakutembenuka?"

Rumen sanayang'ane kumanja. Anangoti maso pamsewu mpaka pachipata cha chipatala. Ataima, galimoto inakwera pang'ono, ngati wina watsika.

Kunja kukuyera, kunabadwa mwana wamkazi. Nevena akuti za amayi akutsogolo aja sakuzikumbukira.

Pamudzi nkhaniyi amaikamba motsitsa mawu. Ena amati galimotoyo kale inkanyamula mzamba wina wa m'chigawocho, yemwe anafera mumsewu usiku wina wozizira kwambiri akupita kwa wodwala. Ena amati ayi, anali malemu make Nevena. Rumen akafunsidwa amangoti anali khoswe, n'kudzithirira rakiya wina, kachasu wakwawoko.

Koma Kiril mpaka lero, ngakhale akhale awiriwiri ndi apongozi ake, amakwera kumbuyo.