Kalata Yopanda Adiresi

Dzuwa linali litapendeka pamene Chifuniro Lameki anathira makala m'simbi n'kuyamba kusita bulauzi yake yoyera pakhonde. Bulauzi imeneyi inali itaonekera kale ku maintaviyu khumi ndi awiri, ku Lilongwe, ku Salima ndi ku Dedza boma, ndipo mawa lake inali pa ulendo wa nambala 13. Mwini wake anali ndi dipuloma ya ulimi wothirira, imene kwa zaka zitatu inkangodya fumbi m'sutikesi. Atatembenuza bulauziyo anaona chisoso chitamatirira m'mphepete, ndiponso dothi lofiira pamkono.

"Amayi, wavala bulauzi yangayi ndani?"

"Ndivale ine? Ndikusaka ntchito yanji?" anayankha mayi ake uku akupeta mpunga.

"Ndinachapa Lachitatu n'kutsekera m'sutikesi."

Mayiwo anaika lichero pansi n'kuyang'anitsitsa dothilo. M'mudzi wonsewo, mpaka kukafika ku Mtakataka, dothi lotere kunalibe. Anatolanso lichero lawo n'kupitiriza kupeta.

Achinyamata ophunzira a m'mudzimo ankalembetsa makalata ofunsira ntchito kwa bambo Jailosi, amene kale anali kalaliki pa esiteti ina kummwera. Atapuma ntchito anamanga kaofesi m'mbali mwa msewu, n'kuikamo kompyuta yoyendera sola ndi makina osindikizira. Sankalipiritsa munthu. Anali ndi njira yawo imene aliyense ankaitama. Ankasindikiza makalata angapo nthawi imodzi, mwini wake n'kusayina onse, koma pamwamba, polemba dzina la wolemba ntchito, ankasiyapo popanda kanthu.

"Ntchito sidikira munthu, ana anga," ankatero. "Ndikangoimva pawailesi, ndilemba adiresi n'kutumiza tsiku lomwelo, inu muli kudimba."

Ndani akanakana? Munthu amene watha nsapato ziwiri poyenda m'maofesi amasayina chilichonse. Ukasayina, bambo Jailosi ankakupatsa kapu ya khofi wakuda wonunkhira mpaka kumsewu. Chifuniro anamukonda khofiyo mopitirira. Mkuluyo anayamba kumupatsa wosakazinga m'kajumbo, iye n'kumakazinga yekha m'phale, kusinja m'kamtondo, n'kumamwa m'mawa uliwonse ngati mzungu, anzake akumuseka. Kunsi kuno khofi samera, kumatentha kwambiri. Ukafunsa kumene ankamutenga, bambo Jailosi ankati kwa mlamu wawo kumtunda. Mlamuyo panalibe amene anamuonapo.

Loweruka lililonse Chifuniro ankakwera mapiri a kuseri kwa Mua. Amayi a pamjigo ankadabwa kuti munthu wamkazi n'kukwereranji phiri n'kubwerako wopanda ngakhale mtolo wa nkhuni. Iye ankati kumtunda netiweki imagwira bwino, koma zoona zake ankathawa funso limodzi limene linali litamukwana: "Ntchito ija yapezeka?" Ku tchalitchi funso lomwelo, kuchigayo lomwelo, ngakhale pamaliro munthu amasiya kulira kuti akufunse. Lamulungu madzulo ankalembera anzake a ku koleji pagulu lawo la pafoni, mawu ake osasintha: ntchito sinapezeke, digiri yophunzira kudzera pakalata ikupitirira, phiri ndakwera, khofi ndamwa. Anzakewo, amene ambiri anali kale m'maofesi, ankamuyankha kuti alimbe mtima.

Panali zina zimene sankalemba. Kwa miyezi yoposa isanu buku lake la digiri ija linali chitsegukire patsamba limodzi. Akangokhala pansi m'mawa kuti awerenge, tulo tinkamugwetsa, n'kudzadzidzimuka dzuwa litadutsa paliwombo, msana ukuwawa, m'manja muli matuza. Zakuphiri nazo ankakumbukira pokwera ndi potsika pokha. Zapakatipo, zii.

Intaviyu ya nambala 13 inatha mochititsa manyazi. Bwana wina atamufunsa za kayendedwe ka madzi m'ngalande, zinthu zimene ankazidziwa ngati dzina lake, Chifuniro anayasamula. Anayasamulanso. Anadzutsidwa ndi mayi wina wa pagome la ofunsa mafunso akumugwedeza paphewa. M'minibasi pobwerera analira ndi ukali kuyambira ku Lilongwe mpaka potsetsereka ku Golomoti. Kusukulu sanagonepo m'kalasi ngakhale tsiku limodzi, ndiye agone pamaso pa ntchito?

Anatsikira pamaliro. Lovemore, mnzake wa ku sekondale amene anali ndi satifiketi ya zamagetsi, anali atamwalira masana omwewo atakhala pampando, osadwala. Ameneyu anali wachiwiri. Woyamba anali Goodson, amene anaphunzira zauphunzitsi n'kumadikira kuitanidwa, ndipo naye anangofa chikhalire m'mwezi wa Febuluwale. Abambo osambitsa mtembo anatuluka m'nyumba akunong'onezana. Lovemore sanagwirepo khasu chitsirizireni sukulu, koma zikhatho zake zinali zolimba ngati za mlimi wa fodya, ndipo m'zikhadabo munali dothi lofiira. Anamuika m'manda atavala suti ndi tayi zimene anagulira maintaviyu.

Kuchokera sabata imeneyo anthu anayamba kuulula zimene aliyense ankaganiza kuti akumva yekha. M'mawa, ana atangolowa m'kalasi, kumapiri kunkalira chitsulo: nge, nge, nge. Chinkaliranso masana ndi madzulo. Ena ankati ndi belu la ku mishoni, koma la ku mishoni aliyense amalidziwa, ndipo silichokera m'thengo. Mphepo ikamatsika m'phiri inkabwera ndi fungo la khofi wokazinga, agalu n'kumalowa pansi pa nkhokwe.

Loyce, mlongo wake wa Lovemore, anamupeza Chifuniro pamjigo n'kumukokera pambali.

"Tandionetsa manja ako."

"Bwanji?"

"Tandionetsa!"

Chifuniro anatambasula zikhatho. Loyce anagwira pakamwa.

"Achimwene anayamba chonchi. Ankagona masana, podzuka n'kumati atopa. Sabata yomaliza ankalankhula kutulo kuti dengu silinadzaze."

"Dengu la chiyani?"

"Sindikudziwa. Koma khofi uja usiye, Chifuniro. Nawonso ankamwa."

Anasiyadi. Masiku atatu mutu unamuwawa ngati ung'ambika, tulo tinkabwerabe koma topepuka, moti akadzitsina ankadzuka. Loweruka anamanga nsapato zake zokwerera phiri. Mayi ake anaima pakhomo.

"Usapite, mwana wanga."

"Ndikhale kuti ndife chikhalire ngati Lovemore? Ndatopa, amayi. Ndikufuna ndione chimene chikundidyera moyo."

Anakwera maso ali gwa. Atadutsa mwala waukulu umene ankakonda kupumirapo, chitsulo chija chinalira pafupi, kumanzere, kumene kunalibe njira. Miyendo yake inakhotera komweko yokha, ngati ya ng'ombe yozolowera khola. Anadutsa m'nsungwi, fungo likukulirakulira, mpaka anatulukira m'chigwa chimene sanachionepo m'maulendo ake onse. Munali munda wa khofi wa mizere yowongoka, wolimidwa bwino, mitengo italemedwa ndi zipatso zofiira. Mbalame sizinkalira. Kunkangomveka phokoso la zipatso zikugwera m'madengu.

Othyolawo analipo oposa khumi, ndipo panalibe wovala zakumunda. Ena anali m'masuti, ena m'masiketi akuda ndi nsapato zazitali. Pamzere wachiwiri panali Goodson. Pamzere wachitatu panali Lovemore, tayi yake ili yomangidwa monga anaimangira abambo aja. Chifuniro anamusendera pafupi.

"Lovemore," anaitana. "Tinakuika m'manda."

"Wachedwa," anayankha Lovemore osacheuka, manja akuthyolabe. "Masiku atatu wakhala ukujomba. Bulauzi yoyera ija waisiya kuti? Abwana safuna zovala zakunyumba."

"Abwana ake ati?"

"Mzere wako ndi uwo."

Kumayambiriro kwa mzere uliwonse kunali chikhomo, ndipo pachikhomo panamangidwa pepala lokutidwa m'pulasitiki. Chifuniro anayandikira mzere wachinayi. Inali kalata yake yofunsira ntchito. Anawerenga mawu amene anali atawaloweza, akuti ndi wolimbikira, womvera, wokonzeka kuyamba nthawi iliyonse. Pansi panali siginecha yake. Pamwamba, pamalo amene ankasiya paja, panalembedwa ndi dzanja lokongola la kalaliki: Kwa Bwana Jailosi. Chammbali, ndi cholembera chofiira, panali mawu akuti: Walembedwa. Ayesedwe miyezi isanu ndi umodzi.

"Miyezi imeneyi ikatha chimachitika n'chiyani?"

"Amakukhazikitsa pantchito," anatero Lovemore. "Ine anandikhazikitsa sabata yatha." Apa m'pamene anacheuka, ndipo m'maso mwake munali mouma ngati mwa nsomba yapadzuwa. "Iwe ndi Lolemba."

Chifuniro anazula kalatayo ndi chikhomo chomwe n'kuliyatsa liwiro. Nsungwi zinamukwapula kumaso, anagwa kawiri, koma pepalalo sanalitaye. Kumbuyo kwake chitsulo chinalira mosalekeza mpaka atafika kumunsi.

Atawaonetsa anthu kalatayo, m'mphindi zochepa chabe khamu linali litazinga kaofesi kaja. Loyce anali patsogolo, mayi a Chifuniro pambali pake, ndi abale a Goodson atanyamula mipini. Bambo Jailosi anali atakhala pampando wawo, kapu m'manja. Anayang'ana kalatayo n'kupukusa mutu ngati munthu amene akuonetsedwa kusayamika.

"Dzanja ili ndi lanu?" anafunsa Loyce.

"Ndi langa. Nanga lapansili ndi la ndani?"

"Mwapha achimwene anga, mfiti inu!"

"Ndinakakamiza ndani? Anapempha okha, analemba okha kuti ndi okonzeka." Anamwa khofi pang'ono. "Ana amenewa alembera maofesi angati? Anawayankha ndani? Amene ndinayankha ndine ndekha."

Mawu amenewa anamupweteka Chifuniro kuposa matuza a m'manja. Kenaka mayi ake anatsomphola kalatayo, n'kupempha machesi, n'kuiyatsa pamaso pa onse. Inapsa ngati pepala lina lililonse.

"Mwana wanga wasiya ntchito yanuyo!"

Bambo Jailosi anaseka pang'ono n'kuimirira. "Mayi, munaonapo kalaliki wosunga pepala limodzi?"

Analowa m'kachipinda ka kuseri n'kutseka chitseko. Anyamata anachiphwanya nthawi yomweyo. Kachipindako kanalibe zenera ngakhale khomo lina, koma munalibe munthu. Munali mashelefu opanda kanthu ndi fungo lokhalokha la khofi, lamphamvu moti awiri anasanza. Lamulungu abambo makumi awiri anakwera phiri motsogozedwa ndi Chifuniro. Mwala uja anaupeza, nsungwi anazipeza, koma kuseri kwake kunali miyala ndi tchire. Anazungulira mpaka madzulo n'kutsika ali khuma. Tsiku limenelo Chifuniro sanalembe kalikonse pagulu la anzake.

Lolemba kunacha bwinobwino. Mayi ake anamukhazika pamphasa pakhonde, iwo n'kukhala pambali atamugwira dzanja. Loyce anabwera ndi madzi ozizira oti azimuwaza akayamba kusinza. Ana anadutsa kupita kusukulu. Kumapiri kunali zii. Dzuwa linakwera, Chifuniro ali maso, ndipo mayi ake anayamba kuyamika Mulungu chapansipansi.

Foni inalira. Inali nambala yachilendo. Chifuniro anaika poti onse amve.

"Ndikulankhula ndi a Chifuniro Lameki?" linafunsa liwu la bambo. Anatchula bungwe lina la zaulimi ku Salima, kumene Chifuniro anakayesedwa chaka chatha. "Amene tinamutenga uja wachoka, ndipo wotsatira pamndandanda ndi inuyo. Mungayambe liti?"

Loyce analumpha n'kululutira. Misozi inatsika m'masaya a Chifuniro. Zaka zitatu anadikira mawu amenewa, ndipo yankho lake anali atalikonza kalekale. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti mawa lomwe.

"Pepani bwana," pakamwa pake panatero, mwaulemu, mosathamanga. "Ndinalembedwa kale kwina."

Mayi ake anamulanda foni n'kuimirira. "Ayi! Musamumvere ameneyu! Abwera, bambo, abwera mawa m'mawa! Ndimuperekeza ndekha!"

Ali mkati mokuwa choncho anamva chikho cha madzi chikugwa m'manja mwa Loyce. Atacheuka anapeza mwana wawo atatsamira khoma, maso ali chitsegukire, manja akuthyola m'malere n'kumaponya pambali, kuthyola n'kuponya. Anagwada n'kuika khutu pachifuwa pake. Mtima unali utaima, koma manjawo sanaleke.