Mchenga Pansi pa Galimoto

Chinthu choyamba chimene Tionamawa anaona chinali mchenga. Dzinali anamupatsa ndi mkazi wake, chifukwa chilichonse chimene mungamuuze munthuyu, kaya mpopi ukudontha kaya denga lathyoka, yankho linali lomwelo: tiona mawa. M'mawa umenewo atabweza galimoto kuti atuluke pa geti, anapeza pa simenti pomwe inagona pali mchenga wosalazidwa bwinobwino, wonyowa pakati, ukununkha petulo. Muvi wa geji ya mafuta unali utatsikako, chonsecho dzulo lake anamwetsa mafuta mpaka pakamwa.

Kudzadzitsa thanki sichinali chizolowezi chake. Zaka zonsezi ankangothira ongomufikitsa kuntchito ndi kubwerera. Koma sabata imeneyo kampani yake yogulitsa mankhwala a ziweto inamupatsa dera lakutali, ndiye madzulo aliwonse ankayamba wadzera pa pampu asanafike kunyumba.

Pamene ankayang'ana mchengawo, bambo ake anatulukira pakhomo la kachipinda kawo ka kuseri. Madalawa anali makaniko kwa zaka makumi atatu, mpaka sitiroko inawalanda mkono wamanja, mwendo umodzi ndi pakamwa. Anamukoka malaya, n'kuloza galimoto. "Aa... aa..."

"Lero ayi, bambo, ndikupita kutali. Zokwera galimoto tiona mawa." Anachotsa dzanja lawo pamalaya ake n'kumapita.

Usiku wake mkazi wake anamugwedeza. "Tamverani," ananong'ona. "Kunjaku kuli chinthu."

Kunali zii, ngakhale agalu a m'deralo anali atangokhala chete. Kenako kunamveka khwee... khwee... ngati wina akukoka thumba lolemera pa simenti, akupumira, n'kukokanso. Phokosolo linayenda pang'onopang'ono kudutsa pansi pa zenera lawo, linakaima pomwe panali galimoto, ndipo panatsatira kaphokoso ka chinthu chokhuthulidwa.

"Ndi mphaka," anatero Tionamawa.

"Mphaka wokoka thumba? Tatulukani mukaone."

Sanatuluke. Mwamuna wamkulu ndi ndevu zake anafunda bulangeti kumutu, ndipo m'mawa anapezanso mchenga watsopano, geji itatsikanso.

Usiku wachitatu analimba mtima n'kusuzumira pakatani. Mwezi kunalibe. Poyamba sanaone kanthu, koma maso atazolowera mdima anaona kakuwala kofiirira pansi pa galimoto, cha kutayala lakumbuyo. Pambali pa kakuwalako panatuluka miyendo iwiri ya munthu, yopanda nsapato, ili tantha osagwedezeka ngati ya maliro. Anaiyang'ana mpaka maso kuwawa. Kenako mwendo umodzi unapindika, winawo n'kukokeka pambuyo pake kulowa pansi pa galimoto, kakuwala kaja n'kuzima. Mwendo wokokeka uja ankaudziwa, pakuti ankauona tsiku lililonse.

Kutacha, mayi wa nyumba yoyandikana nayo anamuitanira kumpanda. Mayiyu anali wosasunga mawu m'kamwa, ndipo nkhani inali itafika kale m'nyumba zinayi za mumsewumo.

"Achimwene, si miseche ayi, koma bambo anu ndinawaona ndi maso angawa. Anthu akuti matenda otseka munthu pakamwa sabwera okha, pamakhala zimene munthuyo anachita. Inu mwangokwezedwa kumene pantchito, iwo usiku kukwawa pansi pa galimoto yanu. Akuikamo chiyani? Tasuzumirani pansipo, mundiuza."

Tionamawa anagwada n'kuunika ndi foni. Kumtunda, kuseri kwa tayala, kunali chojambula cha choko: kamzere kozungulira, ndi kena kodutsa pakati. Anadzuka n'kulunjika kuchipinda kwa bambo ake, komwe fungo la petulo linamulandira pakhomo. Malaya awo anali mchenga wokhawokha kumsana, zala za kumanzere zili mbuu ndi choko.

Zimene anayankhula m'mawa umenewo, ana ake awiri akumva, mkazi wake akumva, mayi wa kumpanda akumva, sizoti munthu n'kuzibwereza. Anawafunsa ngati chakudya chimene ankawapatsa chinali chosakwana kuti mpaka afune moyo wake. Madalawo anayesa kumugwira dzanja kuti amukokere kugalimoto, iye n'kulikutumula. Kenako anaimbira foni mlongo wake pamaso pawo, kumuuza kuti Loweruka akubweretsa bambo, azikakhala kumeneko, iye watopa. Madzulo atabwera ndi thanki yodzadza, anakhoma chitseko chawo ndi loko wakunja, kiyi n'kuika m'thumba.

Usiku umenewo kunalibe khwee. M'malo mwake kunkamveka kugogoda kwa dzanja limodzi pachitseko cha kuseri, gu... gu... gu, kosakwiya koma kosaleka. Kugogodako kukapuma, kunkamveka kaphokoso kena kamene sanakamvepo masiku onsewa, tho... tho... tho, ngati mpopi wosatsekedwa bwino.

"Atsegulireni apongozi," mkazi wake ananong'ona. "Mwina akufuna kuchimbudzi."

"Muli ndowa mmenemo. Gona."

Mbandakucha anadzidzimuka ndi mawu a mkazi wake akumuitana chapansipansi. Anamupeza ataima pakhomo la khitchini, mbaula ili pamapazi ake, kamtengo ka machesi kali m'manja kosayatsa. Kuchokera pansi pa galimoto, kamtsinje ka petulo kanali katatsata kutsetsereka kwa simenti, kudutsa pomwe ana amavulira nsapato, mpaka kudzathera pansi penipeni pa mbaulayo.

"Ndinamva fungo ndisanakhwatche," anatero. "Mwawatsekera, koma mafuta atayikabe. Ndiye akuwataya ndani?"

Tionamawa anathira madzi pa simenti, n'kuyendetsa galimoto kupita kugalaja ya pa mphambano, mawindo onse ali otsegula.

Makaniko wa pamenepo anali mayi wamfupi wa ovolosi yakuda ndi girisi, wosakonda zocheza. Anamvetsera pang'ono n'kumudula. "Imadontha nthawi zonse, kapena mukadzadzitsa?"

"Ndayamba kudzadzitsa Lolemba."

"Ndiye si pansi pa thanki. Pakanabooka pansi bwenzi ikudontha chaka chonse. Pali paipi ya labala yochokera pomwetsera kupita kuthanki. Ikang'ambika kumtunda, mafuta amafikapo pokhapokha thanki ikadzadza, akatsika imasiya yokha. Ikwezeni padzenjepo."

Mayiyo anatsikira m'dzenje ndi tochi. Sipanathe ndi mphindi yomwe, anaseka. "Bambo, mwabwera kudzandiyesa? Wina wapeza kale. Tabwerani muone."

Tionamawa anatsika masitepe a dzenjelo. Kuwala kwa tochi kunali pa chojambula chija. Makaniko anadina paipi ndi chala pakati penipeni pa kamzere kozungulira, ndipo labala inatseguka kamng'alu kotalika ngati chikhadabo, konyowa m'mphepete. Kamzere kodutsa pakati kanagona ndendende mmene mng'aluwo unayendera.

"Apa sipaoneka wamba, ngakhale kwa ine amene ndili ndi dzenje ndi magetsi. Amene analemba apa ndi mmisiri weniweni. Munathira mchenga pansi pake usiku?"

"Unkathiridwa."

"Amene ankathirayo ndiye wakupulumutsani. Petulo woyenda pa simenti safuna zambiri, ndudu imodzi basi."

Apa m'pamene Tionamawa anakumbukira, ndipo manyazi anamugwira. Chizindikirocho sichinali chachilendo kwa iye. Ali mwana ankaima m'dzenje ngati lomweli Loweruka lililonse atagwira tochi, bambo ake akuzunguliza choko pamalo owonongeka n'kudutsitsa kamzere. Anachiona mwina kambirimbiri. Dzulo anachiyang'ana ndi maso omwewo n'kuonapo ufiti. Anaganiza za thumba la mchenga lochokera kuseri kwa mpanda, likukokedwa ndi dzanja limodzi, mwendo umodzi ukukana, ndi za katochi kofooka kofiirira pansi pa galimoto, usiku utatu, iye ali m'bulangeti.

Makaniko anaika paipi yatsopano, n'kumupatsa yakaleyo. Kuntchito sanapite.

Atafika kunyumba anapeza ana ali pakhonde, ndipo palibe amene anamuthamangira. Anapita kuseri n'kutsegula loko uja. Bambo ake anali atakhala pabedi, atavala jekete lawo la kutchalitchi, mabatani atamangidwa mophonya. Zovala zawo zonse zinali m'chikwama chimene chinali pamiyendo. M'mphepete mwa dzanja lawo lamanzere munali motupa chifukwa cha kugogoda.

Tionamawa anagwada pa simenti n'kupereka paipi ija ndi manja awiri. "Bambo, ndalakwa. Munkandiuza, ine osamva."

Madalawo analandira paipiyo, n'kuipinda ndi chala chachikulu mpaka mng'alu unatseguka. Anauyang'anitsitsa, n'kugwedeza mutu pang'ono, monga ankachitira kale ntchito ikatheka. Kenako anaiika pabedi, ananyamula chikwama chawo, n'kudzikoka mpaka pakhomo pomwe anaima kudikira.

"Simukupita kulikonse, bambo. Ndamuimbira kale mlongo wanga. Kwanu ndi kuno."

Madalawo anamuyang'ana, n'kubwerera kukakhala pabedi, chikwama chili pamiyendo.

Loweruka linadutsa, miyezi n'kudutsa. Madalawo amadya ndi banja lonse, ndipo akaloza chinthu mwana wawo amadzuka nthawi yomweyo kukaona. Loko uja anautaya. Koma chikwamacho madalawo sanachimasulebe. M'mawa amatulutsamo malaya amodzi, ochapidwa amawabwezera momwemo, n'kuchiika pafupi ndi chitseko, ndipo Tionamawa amachiona tsiku lililonse akamakawapatsa moni.