Nsanje pa Mwamuna wa M'buku

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, banja la kalipentala ndi telala linali losiririka pamsewu wonsewo. Mwamunayo anali wofatsa, wa mawu ochepa ngati amachita kuwagula. Mkaziyo ndiye anali wanthabwala, woseka mokweza. Masana aliwonse ankasiya makina osokera n'kupititsira mwamuna wake chakudya ku shedi, n'kumamusasa utuchi m'tsitsi uku akumuseka kuti wamera imvi asanakalambe. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi. Anthu ankati awiriwa Mulungu anawaumba tsiku limodzi.

Chimene chinalowa pakati pawo sanali munthu ayi. Linali buku.

Analibweretsa ndi mayi wa saluni yoyandikana ndi shopu ya telala. Linali lonenepa, chikuto chinathothoka kalekale, masamba atada ndi zala za anthu ambiri. Linkasimba za gulu la amuna oyenda pa njinga zamoto, ovala majekete achikopa, olumbirirana kuti adzafera limodzi. Mtsogoleri wawo, wotchedwa Mphenzi, anakonda mphunzitsi wina amene anali kale pa chibwenzi ndi kalaliki wofatsa. Lachinayi lililonse masana, amayi atatu ankasonkhana mu shopumo: telala, wa saluni, ndi mkazi wa makaniko wa kutsidya kwa msewu. Mmodzi ankawerenga mokweza, ndipo mutu ukatha, mkangano unkabuka.

"Mphenzi ameneyu ndi chigawenga basi," anatero wa saluni tsiku lina. "Anzake akangomuitana, wadzuka, wapita. Mwamuna wanji wokonda njinga kuposa mkazi?"

"Kalaliki ndiye mwamuna wa pakhomo," anavomereza mkazi wa makaniko.

"Wa pakhomo ngati mpando!" anayankha telala, onse n'kufa nacho chiseko. "Ine ndisakunamizeni anzanga, wa njingayo akangotulukira, mtima wanga umachita kudumpha. Wofatsayo ndi wabwino, inde, koma amagonetsa tulo. Bola kukwera kumbuyo kwa wa njingayo osacheukanso."

Sanadziwe kuti kuseri kwa chitseko kunaima mwamuna wake, atanyamula kampando kamene anamukonzera. Za buku sanamve. Anamva mawu a mkazi wakewo okha. Atatembenuka, maso ake anagwera kutsidya kwa msewu, pagalaja pamene makaniko wamtali, amene anthu ankangomutcha Sipanala, ankaliza injini ya njinga yofiira. Kalipentala anaika kampando pansi mwakachetechete n'kubwerera ku shedi.

Nsanje siifuna munda waukulu. Imamera ngakhale mumng'alu wa khoma, ndipo mwa munthu wosalankhula ndi mmene imazika mizu msanga, chifukwa palibe amene amaiona kuti aizule.

Kalipentala anakhala nayo masabata awiri. Ankadya pang'ono, ankakhoma misomali yokhota. Kenako m'mawa wina anapeza bukulo pansi pa pilo. Polivundukula anaona pamene mkazi wake analemba ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba kuti: "Mwamuna ndi ameneyu!"

"Mayi a mwana, wa njingayo ndi ndani?" anafunsa.

Mkaziyo anaseka, ndipo kusekako kunali ngati kuthira palafini pamoto.

"Iii bambo, ndi wa m'buku! Mwayamba kuchitira nsanje pepala?"

"Usandiyese mwana iwe! Wogonetsa tulo ndi ndani? Ndinamva ndi makutu angawa. Mpando wa pakhomo ndine, eti?"

"Timangocheza, bambo. Werengani nokha muone."

"Ndiwerenge kuti undipusitse bwino? Ukatchula wa m'buku, m'mutu mwako mumakhala nkhope ya ndani?"

Analigwira bukulo n'kuling'amba pakati, masamba n'kumwazika pansi. "Ndikadzamvanso za buku limeneli, udzandidziwa."

Aka kanali koyamba kumukalipira chikwatiranireni. Telala anatola masambawo akulira, chifukwa bukulo silinali lake. Ku shopu analisoka ndi singano yaikulu ndi ulusi wolimba mpaka linagwirananso.

Nthawi yomweyo mkazi wa makaniko, amene anali woyembekezera, anayamba kudwala, ndipo adokotala anamuuza kuti azingogona mpaka atachira. Ankasungulumwa m'kachipinda kawo kuseri kwa galaja. Anzake aja anagwirizana kuti azikamuwerengera komweko. Telala anaopa kuuza mwamuna wake. Lachinayi likakwana ankati, "Ndapita kukagula ulusi," n'kuzungulira njira ya kumbuyo.

Apa ndi pamene analakwa mayi uyu. Bodza lake linali laling'ono ngati kabowo ka singano, koma tsoka silifuna khomo lalikulu.

Mchemwali wake wa kalipentala, amene ankagulitsa ziwiya pafupi pomwepo, anamuona telala akulowa kuseri kwa galajako katatu konse. Sanafunse mlamu wake, sanasuzumire m'chipindamo. Anathamangira ku shedi.

"Achimwene, ine sindikonda zolankhulalankhula, koma magazi ndi magazi. Kodi ulusi masiku ano akugulitsa ku galaja? Msewu wonse ukukusekani. Muzingopala matabwa choncho, anzanu akukupalirani pakhomo."

Kalipentala anangoyang'ana nyundo imene inali patebulo.

Lachinayi lotsatira kunacha ndi mitambo yakuda, koma mvula osagwa. Mkazi wake atangotseka shopu, iye anamulondola chapatali, nyundo ili m'thumba la ovolosi. Anabisala kuseri kwa mulu wa matayala akale. Anaona Sipanala akutsegula chitseko cha kumbuyo, akupukuta manja ndi kasanza, akumwetulira. Makanikoyo ankamva nkhani ya bukulo tsiku lililonse kwa mkazi wake, ndipo ankakonda kuwaseka nayo amayiwo.

"Lowani alamu, mwachedwatu," anatero. "Lero ndiye lomaliza. Musankhe bwino pakati pa ife a njinga ndi wofatsa uja!"

"Ndinasankha kale ine," anayankha telala akuseka, n'kulowa.

Kalipentala anamva ngati dziko latembenuzika. Anadikira pang'ono, kenako anazungulira n'kulowa m'galaja. Munali fungo la oyilo ndi petulo. Sipanala anali atagwada pansi, akumanga tcheni cha njinga. Anadzutsa mutu.

"Aa, achimwene, mwatipeza lero? Mukufuna akazi anu? Ali mkatimu ndi..."

Sanamalize. Nyundo inatsika katatu. Njinga inagwa ndi chiphokoso, ndipo magazi anayenderera n'kusakanikirana ndi oyilo wakuda wa pasimenti.

Chitseko cha mkati chinatseguka. Anatuluka telala, buku lili m'manja, chala chikadali pakati pa masamba. Pambuyo pake panali wa saluni. Pambuyo pa onse, atagwira mphuthu za chitseko, panaima mayi wodwala uja, mimba ili patsogolo. Anayang'ana mwamuna wake ali thasa pansi, nakuwa mfuu imene onse amene anaimva sanaiiwale mpaka lero.

Kalipentala anayang'ana amayi atatuwo mmodzimmodzi. Nyundo inamupulumuka. Sanathawe. Apolisi anamupeza atakhala pa tayala, akubwereza mawu amodzimodzi: "Munali atatu? Munali atatu?"

Mlandu unazengedwa patapita miyezi isanu ndi iwiri. Khothi linadzaza. Wa saluni anafotokoza za Lachinayi lililonse, ndipo woweruza analamula kuti awerenge masamba ena mokweza, kuti onse amve Mphenzi anali ndani. Pakanakhala pena anthu akanaseka, koma palibe anatsegula pakamwa.

Mchemwali uja anati, "Ine ndinangonena zimene ndinaona." Atafunsidwa ngati anaona chigololo, anazolika.

Telala anaima atavala zakuda, ataonda.

"Mawuwo ndinanena, sindikana," anatero. "Ndinkanena za munthu wa papepala. Za ulusi ndinanama, chifukwa ndinkaopa. Koma pamene ndinkati ndinasankha kale, ndinkanena bambo awa aimawa. Ndinawasankha ndili mtsikana, ndipo sindinasinthepo."

Apo kalipentala analira mokweza ngati mwana, mpaka msilikali wa ndende anamugwira paphewa. Pabenchi ya kutsogolo, mkazi wamasiye ankayamwitsa khanda limene bambo ake sanalione. Iye sanalire. Ankangomuyang'ana kalipentalayo.

Woweruza anati nsanje si chodzitetezera pamaso pa lamulo. Anati munthu amene wanyamula nyundo kuchokera ku shedi, nabisala, nadikira, anali ndi nthawi yokwanira yosintha maganizo, kapena yongogogoda pachitseko. Anamupeza wolakwa pa mlandu wakupha mwadala, namulamula kukakhala kundende zaka makumi atatu.

Lero ali m'kachipinda ka zenera limodzi lokwera, manja aja odziwa kusalaza matabwa akungofumbata mawondo. Mkazi wake anatseka shopu n'kusamuka ndi mwana, chifukwa sakanatha kumadzuka m'mawa uliwonse n'kumayang'anizana ndi galaja yotseka. Mchemwali uja sanabwereko kudzamuona ngakhale kamodzi.

Ena amati cholakwa ndi buku, ena amati ndi bodza la ulusi, ena amaloza pakamwa pa mchemwali. Zonsezo zinasenzako nkhuni, koma woyatsa moto anali mwini wake. Pakati pa iye ndi choonadi panali chitseko chimodzi chokha cha matabwa, chosakiya n'komwe. Munthu wopanga zitseko moyo wake wonse analephera kutsegula chimenecho. Inu amene nsanje yayamba kukunong'onezani, musanatole chida, yambani mwalowa m'chipindamo muone amene alimo.