Luka Anagulitsa Mmawa Wake

Matipate atangoyamba, anthu ku Zomba ankatsegula maokala ndi kugula maminibasi, koma Luka wa ku Mtiya ankasenzabe matabwa kuchokera m'phiri. Mmawa uliwonse asananyamuke, mkazi wake Mwaiwathu ankawerenga ndime imodzi ya m'Baibulo, n'kukambirana tanthauzo lake, mwana wawo woyamba, mtsikana dzina lake Peace, akumvetsera. Luka ankakwera phiri akusinkhasinkha ndimeyo, ndipo katundu ankapepukako.

Tsiku lina Gilson, amene ankasenza naye matabwa, anamudutsa ali pa lole yakeyake, n'kumuthira fumbi osaima.

"Akazi anga, tiwerenga mpaka liti?" Luka anafunsa mawa lake. "Ndime timadya?"

"Bambo a Peace, tinagonapo ndi njala ife?"

Luka anangonyamuka. M'malo mopita kwa ocheka matabwa, anakhotera kanjira ka kumtunda kwa Mulunguzi, kwa sing'anga wina wa mankhwala olemeretsa, a Alufandika.

"Magazi ine sinditchula," anatero a Alufandika akumwetulira. "Tandiuzani, mukadzuka mumayamba kulankhula ndi ndani?"

"Ndi Mulungu."

"Malo amenewo ndi amene tikufuna." Anamupatsa kansupa kakuda, kofunda ngati nkhuku. "Aka sikakonda kutsatira munthu. Moni woyamba ndi wake. Mbamu yoyamba ndi yake. Chilichonse choyamba m'nyumba mwanu ndi chake. Mwavomera?"

Luka anaona ngati ndi zamasewera. "Ndavomera."

Chaka chisanathe anali ndi malole awiri ndi nyumba ya malata ku Zakazaka. Mbandakucha ankadzitsekera m'kachipinda, n'kugwadira kansupa. Mwaiwathu akatsegula Baibulo, mutu wa Luka unkawawa ngati ung'ambike, mpaka analetsa kuwerengako. Mayiyo anayamba kuwerengera kuseri kwa khitchini, iye ndi Peace.

Mbuzi yawo itaswa, kamwana koyamba kanafa. Mango oyamba pamtengo anawolera pomwepo. Luka ankangoti ndi zazing'ono.

Kenako Peace anasankhidwa kupita ku sekondale. Mmawa woti akayambe sukulu, atavala kale yunifomu, anagwa pakhonde. Maso anali otseguka koma sankazindikira munthu. Kuchipatala anamuyeza, matenda osawapeza.

Luka anathamangira m'phiri, nsapato zili m'manja.

"Bambo, mwana uja ayi! Tengani malole, tengani nyumba!"

A Alufandika ankasenda chinangwa, osadzutsa mutu. "Ndinati chilichonse choyamba. Inu munabereka angati asanabadwe ameneyu?"

"Simunanene za mwana!"

"Simunafunse, achimwene. Munali pachangu."

Luka atafika kuchipatala anapeza Mwaiwathu atagwada pambali pa bedi. "Bambo, pempherani nane," anatero akulira. Luka anagwada, natsegula pakamwa, koma lilime linakhala ngati thabwa. Dzina limene ankalitchula kuyambira ali mwana linakana kutuluka. Mkazi wake anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo anadziwa.

"Mwachita chiyani inu?"

Peace anamwalira dzuwa lisanalowe. Maliro atatha, Mwaiwathu anatenga ana otsalawo n'kubwerera kwawo, osatengako ngakhale supuni ya m'nyumbamo. Lole imodzi inagubuduzika pa msewu wotsika m'phiri, ina inapsa ili chiimire. Nyumba anaigula ena.

Lero mukadutsa pa geti la sekondale ina m'tauni nthawi yoweruka, mupeza bambo wa nsanza, tsitsi litapotana, akuyang'ana nkhope ya mtsikana aliyense. Savuta munthu. Amangofunsa mwaulemu kuti, "Pepani, Peace watuluka?" Ana akatha onse, amakhala pansi kudikira mawa.

Umphawi unkamupweteka Luka paphewa pokha, koma dyera linamudyera nyumba yonse. Malo oyamba m'moyo wa munthu ndi a Mulungu. Ukawapereka kwa china chifukwa chosirira za anzako, chimenecho sichikhuta ndi moni: chimatenga mpaka chimene unkachikonda koposa.