Tsigiro la Kangalawa ka Mmisiri

Madzulo a tsikulo anali ngati ena onse. Telala wa chipinda choyandikana anazimitsa mashini ake, ometa tsitsi a pansi anakoka chitseko chawo chachitsulo, mlonda n'kukhoma geti. M'nyumba yonse yosanjikizanayo munatsala Nafufuta yekha ndi kompyuta yake.

Dzinali anamupatsa ndi anzake a pantchito pomwepo, chifukwa ntchito yake inali kufufuta zosafunika pa zithunzi: ziphuphu pankhope za akwati, makwinya a apongozi, mwamuna wothawa banja pa chithunzi cha ukwati. Sankathamangira kunyumba. Mwamuna wake anapita kukagwira ntchito kunja, ndipo mafoni ake anafupika mpaka kutsala moni wokha. Mwana wawo anali kusukulu yogonera komweko. Kunyumbako ankangolandiridwa ndi kulira kwa filiji.

Ntchito imene inali patebulo inabwera ndi mphunzitsi wina wamkazi, itakulungidwa m'nyuzi. Anali mapulani akale a kangalawa ka matanga, kotalika ngati mkono, koika pa shelufu. Bambo a mphunzitsiyo anali mmisiri wa matabwa, ndipo timangalawa totere ndito tinali mtima wawo. Kenaka anafa ziwalo. Sankayenda, sankalankhula, ankangoyang'ana khoma.

"Aka ndi kamene sanakapange," anatero mphunzitsi. "Mundikonzere, musindikize chachikulu, ndikawapachikire pakhomapo. Mwina maso angapezeko pokhala."

Mapepalawo anali atavutika. Madzi a denga lothonya anasiyamo mabala ofiirira, chuku chinamera m'mapindiro, ndipo chiswe chinadyeratu kumbuyo konse kwa ngalawa. Nafufuta analowetsa mu kompyuta chidutswa chilichonse pachokha, n'kuzilumikiza pa sikirini. Anachotsa mabala, anadetsa mizere yofwifwa ya milongoti ndi zingwe. Koma pamene chiswe chinadya panalibe chobwezeretsa. Anayamba kungopeka.

Kunja kutada, anamva kugogoda. Pang'onopang'ono, ngati munthu woopa kudzutsa khanda.

Pakhomo panali bambo wachikulire, wovala juzi yotuwa. Ankanunkhira guluu ndi utuchi. Sanamuyang'ane Nafufuta. Maso awo anali pa sikirini.

"Mwanawe, kangalawa wajambulako kangamire ngakhale m'beseni."

"Pepani bambo, ndinu ndani?"

"Mapulaniwo ndimawadziwa. Sendeza mpandowo."

Nafufuta anaganiza kuti ndi m'bale wa wodwalayo, watumidwa ndi mphunzitsi. Anawapatsa kampando. Iwo anakhala, manja ali pamawondo, n'kuyamba kumuuza. Mzere uwu ukwere pang'ono. Apa pakhote ngati nthiti. Zenera la kumbuyoli lichepe, si la sitolo. Nafufuta ankayendetsa mausi, mizere ikubadwa pamene panali bowo. Atalakwitsa chingwe china, mkuluyo anati chikuoneka ngati choyanikira zovala, ndipo Nafufuta anaseka mpaka kudzidabwa. Anali ataiwala kuti kuseka kwake kumamveka bwanji m'chipinda.

Anawathirira tiyi. Anazizira osakhudzidwa.

"Lero zakwana," anatero mkuluyo, n'kutuluka.

Masitepe a nyumbayo ndi achitsulo. Amalira ngakhale podutsa mphaka. Nafufuta anatchera khutu. Zii.

Potsika anafunsa mlonda kuti mlendo uja walowera kuti.

"Mlendo uti, mayi? Getili sindinalitsegule. Kiyi ndi uyu."

M'mawa mwake anatenga zimene anakonzazo kukaonetsa mphunzitsi kunyumba kwake, kutsidya lina la tauni. Mphunzitsi anamulowetsa kuchipinda kuti apereke moni kwa wodwala. Pabedi panagona munthu wowonda, pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja litapindikira pachifuwa. Juzi yotuwa inali pamsomali kuseri kwa chitseko.

Anali omwewo.

Wodwalayo anachotsa maso pakhoma n'kuyang'ana Nafufuta, osaphethira.

"Taonani," anatero mphunzitsi modabwa, "ine sandiyang'ana chonchi."

Nafufuta anatsanzika osatchula za mlendo wa dzulo. Akanayambira pati?

Madzulo amenewo kuntchito analongedza chikwama kukadali kowala. Anafika pachitseko, anaganiza za nyumba yake, za mbale imodzi ndi sipuni imodzi, n'kubwerera kukakhala pansi. Kutada, kugogoda kuja kunabwera.

Zinapitirira choncho. Mantha anali pomwepo, koma anazolowerana nawo monga munthu azolowera dzino lobooka. Mkuluyo ankamuphunzitsa mayina a zingwe, chifukwa chake thanga lakutsogolo limakhala la nsonga zitatu, mtengo umene sung'aluka ukamasemedwa mopyapyala. Iye ankawauza za mwana wake, za mwamuna amene anasiya kufunsa kuti wadya chiyani. Mkuluyo sankayankhapo. Ankangogwedeza mutu n'kuloza pa sikirini. Komabe kunali kumvetsera, ndipo kwa Nafufuta kunakwana.

Ntchito inayandikira kutha. Panatsala tsigiro lokha, kathabwa kowongolera ngalawa kumbuyo. Apa ndi pamene Nafufuta anayamba kuzengereza. Masana ankafufuta zina mwa zimene anajambula dzulo lake. Mkuluyo akabwera, iye ankati kompyuta sinasunge.

Mphunzitsi anaimba foni, mawu ali olefuka.

"Mayi, fulumizaniko. Bambo akutha. Akumadzuka otopa ngati alima usiku wonse. Mapazi akumakhala ozizira, otupa. Adokotala sakuona chimene chavuta."

Tsiku limenelo mkuluyo anachedwa. Atalowa anagwira khoma, akupuma mwabefu. Anakhala pa kampando kaja n'kuyang'ana mizere imene inasowanso.

"Mwanangu," anatero, "njira yobwera kuno ndi yaitali."

Nafufuta anaweramitsa mutu.

"Tikamaliza, bambo, mudzabweranso?"

"Jambula tsigiro."

Anajambula, misozi ikumutchinga sikirini. Mkuluyo ankalankhula motsitsa: lifike apa, lipyapyale kunsi, mahinjesi awiri. Mzere womaliza utakumana ndi unzake, kangalawa kanaima kathunthu pa sikirini, koyera, matanga onse otambasuka.

"Ndione papepala," anatero mkuluyo.

Makina osindikizira mapepala aakulu anali kuseri kwa katani. Nafufuta anaima pamenepo, pepala likutuluka pang'onopang'ono, lofunda. Atabwera nalo anapeza pa kampando palibe munthu. Chitseko chinali chotseka. Anaitana, "Bambo?" Palibe anayankha. Analibe mtima wotsika masitepe mumdimawo. Anakhala pampando wake atafungatira pepala lija mpaka tulo tinamuba.

Chinamudzutsa ndi mfuu ya mayi wosesa, kunja kukuyera.

Pa sitepe yoyamba ya pansi, mkati mwa geti lokhoma, panakhala mkulu uja atatsamira chitsulo. Anali m'zovala zogonera, opanda nsapato. Mapazi anali ong'ambika, odzaza fumbi ndi timiyala. Pakamwa panali popotoka, dzanja lopindika, monga pabedi paja. Anali atazizira kale.

Mlonda analumbira pa ana ake kuti sanagone. Apolisi anafunsa mafunso awo n'kupita. Koma mafunso a anthu sanapite. Ometa tsitsi ankati munthu wosayenda sangadutse tauni yonse, ndiye kuti anachita kunyamulidwa, ndipo onyamula otere sagwiritsa manja. Telala ankanong'ona kuti iye ankadziwa kale, mkazi wanji woseka yekha m'chipinda usiku. Ena ankati makina aja akajambula chinthu cha munthu amakoka ndi mwini wake yemwe. Akwati anayamba kutengera zithunzi zawo kwina. Pa masitepe anthu ankamupatukira Nafufuta, moni n'kumupatsa atadutsa kale.

Kumaliro sanapite. Anaopa maso a anthu.

Patapita masabata, madzulo ena, kunamveka mapazi pa masitepe, akulira bwinobwino. Anali mphunzitsi uja, atavala zakuda. Anakana mpando. Nafufuta anatambasula pepala patebulo, ndipo mayiyo analiyang'ana nthawi yaitali, chala chikutsata mizere ya kumbuyo kwa ngalawa.

"Apa panali bowo," anatero. "Inu simukanadziwa."

"Sindikanadziwa."

"Ankabwera kuno?"

"Ankabwera."



"Ankalankhula?"

"Bwinobwino. Mpaka nthabwala."

"Ine ndawasambitsa, ndawadyetsa, ndawatembenuza pabedi, osamva ngakhale liwu limodzi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndiuzeni zoona, mayi. Anatchulapo za ine?"

Nafufuta anafuna kunama. Bodza lake linali lapafupi, ndipo likanakhala lachifundo. Koma pakamwa panakana.

"Ayi. Ankangonena za zingwe ndi matanga."

Mphunzitsi anaseka, kuseka kosweka kotuluka ndi misozi, n'kukhala pa kampando kaja mwadzidzidzi.

"Ndiye analidi bambo anga," anatero.