Makatani a Mawindo a Eni

Maureen anakumana ndi Levison pa siteji ya ku Biwi, tsiku limene makondakitala onse anamukana chifukwa cha mpukutu wa nsalu umene anasenza. Maureen anali telala pamsika wa Kawale, ndipo tsikulo dzuwa linali litamuphika mokwanira.

Kalole koyera kanaima pafupi naye. Woyendetsa anasuzumira pawindo akumwetulira.

"Asisi, duwa ngati inu kufota padzuwa chonchi? Kwerani. Ine ntchito yanga ndi yosamutsa anthu, lero ndisamutsa inu."

Maureen anaseka, nakwera. Akanadziwa, bwenzi atayenda wapansi mpaka ku Kawale!

Chikondi chinayaka. Foni ya Maureen sinkapuma. "Wadya, switi wanga?" "Ndikakuganiza ndimaiwala kusintha giya." Mawu ozuna anali nawo mnyamatayu, tisamunamizire. Posakhalitsa anamuveka mphete, kenako anapita naye ku Area 23 kukamuonetsa nyumba yopanda anthu, ya mawindo aakuluakulu.

"Yathu imeneyi," anatero Levison. "Apa sofa ya pakona. Apo filiji. TV tidzaikhoma pakhoma ngati mabwana. Kuchipinda bedi loti ukagubuduka sufika kumapeto. Iwe udzangolowa ndi chikwama chako basi."

Loweruka lotsatira anafika ndi kalole kake kunyumba kwa Maureen. Anaima pakati pa chipinda, manja m'chiuno, n'kuyamba kuloza.

"Mipando iyi ichoke. Matilesi awa achoke. Mapoto onsewa ukuphikira sukulu? Nyumba yatsopano, zonse zatsopano, switi."

Maureen anasankha tsiku lonse. Mbale, mabeseni, mabulangete, tebulo, zonse zinakwera. Levison anati zikaperekedwa kwa ovutika kutchalitchi. Koma Levison atagwira kabati ya magalasi, Maureen anaima kutsogolo kwake.

"Iyi ayi. Ndi ya malemu amayi anga."

Pamwamba pa kabatiyo panali chipsera cha simbi. Anaiwotcha ndi Maureen yemwe ali mwana, ndipo mayi ake m'malo momukwapula anangoseka, n'kuikapo kansalu koluka. Kabatiyo ndi chinthu chokhacho chimene anamusiyira.

"Ukuganiza kuti ndingataye chinthu cha apongozi anga?" Levison anamugwira tsaya. "Ndikaisunga kwa amalume ku Chinsapo, tikalowa m'nyumba tikaitenga. Ndikulumbira, sidzakandika ngakhale pang'ono."

Kabati inakwera. Maureen anatsala ndi makina osokera, mphasa ndi kapoto kamodzi, koma mtima uli mbee!

Madzulo ake uthenga unalowa: "Switi, nayi miyeso ya mawindo athu. Usoke makatani oti aneba adwale nawo."

Maureen anayang'ana miyesoyo n'kuimba foni.

"A Levison, mawindo a nyumba ija si aakulu kodi? Awa ndi aang'onotu."

"Aa, switi, wayamba kukayikira tepi yanga? Mawa udzakayikira mtima wanga."

Maureen anachita manyazi, napepesa. Tangoganizani, kupepesa! Anasankha nsalu yobiriwira ya maluwa agolide, n'kusoka ndi mtima wake wonse.

Kenako nkhani zinayamba. Lero alandilodi akupenta. Mawa madzi sanalumikize. Mkuja "ndili pa ulendo wa ku Kasungu, netiweki ikuvuta." Nthiti za Maureen zinazolowera mphasa, makatani ali chipindire m'jumbo.

Tsiku lina foni inalira, nambala yachilendo.

"Ndinu a Maureen osoka makatani? Ndine Pauline, ku Area 25. Mungabwere mudzayeze mawindo?"

Ntchito ndi ntchito. Maureen anatenga tepi, natenganso makatani ake aja kuti kasitomala akaone kasokedwe kake.

Pauline anali mtsikana waulemu, woyembekezera, mimba ili patsogolo. Anamulandira pakhomo.

"Lowani, achemwali. Musatiseke, tikutchinga ndi zitenje. Bambo akunyumba akhala akunena kuti makatani akubwera, pali telala wawo akusoka, koma ine ndatopa kudikira."

Maureen analowa, n'kuuma pomwepo.

Mipando yake. Tebulo lake. Beseni lake lofiira kuseri kwa chitseko. Ndipo pakona, mbale zake zomwe zitandandalikidwa m'kati, panaima kabati ya magalasi. Anayenda pang'onopang'ono, nakweza kansalu ka pamwamba. Chipsera cha simbi chinali pompo.

"Nambala yanga munaipeza kuti?" anafunsa.

Pauline anatsegula chitseko cha kabati n'kuloza kapepala komata ka bizinesi ya Maureen.

"Apa. Katunduyu anagula bambo akunyumba. Akuti mwini wake anamwalira."

"Anamwalira?"

Maureen anasolola katani imodzi m'jumbo n'kuiyeza pawindo. Inakwana ndendende, m'litali ndi m'lifupi momwe.

"Ee, ngati munayeza kale!" Pauline anaomba m'manja.

"Anandiyezera amuna anu. Dzina lawo ndi Levison, eti? Amayendetsa kalole koyera?"

Pauline asanayankhe, hutala inalira panja. Chitseko chinatseguka.

"Switi wanga, ndafi..."

Akazi onse awiri anatembenuka. Ngakhale dzina lachikondi anali nalo limodzi lokha, waulesi ameneyu!

"Maureen... ukutani kuno?"

"Ndadzuka kumanda! Si paja ndinamwalira? Iwe Levison, iwe! Ine kugona pamphasa ngati ndili pamaliro, iwe ukugona pa matilesi anga ndi mkazi wako? Ovutika a kutchalitchi aja ndi iweyo? Kwa amalume ku Chinsapo ndi kuno?"

"Switi, tsitsa mawu, aneba..."

"Amve! Si iwe unkafuna aneba adwale? Ndipo usadzanditchulenso switi, ndine shuga wa m'tiyi mwako ine? Nyumba ya ku Area 23 ija ndi ya ndani?"

Levison anayang'ana pansi, akukanda m'mutu.

"Ndinali nditangosamutsamo anthu. Makiyi anali adakali ndi ine."

Maureen anaseka, koma misozi ikutsika. Sofa ya pakona, filiji, bedi losafika kumapeto, zonse zija anamulonjeza ataima m'nyumba ya eni!

Pauline anali atakhala pampando, atagwira mimba yake.

"Bambo a mwana, mphete ili pa chala cha achemwaliwa munagula ndinu?"

Levison anatembenukira kuchitseko.

"Ndikufunsa inu!"

"Pauline, mkazi wanga, ndinkafuna mwana adzapeze nyumba ili ndi katundu..."

"Katundu wakuba? Mwandidyetsera m'mbale za mnzanga, n'kumupheratu ali moyo?"

Pauline anadzuka movutikira. Anatsegula kabati n'kuyamba kutulutsa mbale imodzimodzi, akulira mwakachetechete. Maureen anamuyang'ana, mkwiyo wake n'kusowa pomugwira mtsikanayu. Nayenso anangonamizidwa.

"Matilesi ndi mipando zikhale, achemwali, simungagone pansi ndi mimba imeneyo. Makataninso akhale. Anayezedwa pa mawindo anu, kwanga sangakwane."

Kenako anavula mphete, naiponya m'thumba la malaya a Levison, n'kuloza kabati.

"Nyamula."

"Maureen, tiye tikambirane kaye..."

"Unati ntchito yako ndi yosamutsa anthu. Samutsa amayi anga, uwabweze ku Kawale kumene unawatenga. Ikakandika, udziwanso."

Aneba anali atadzaza pampanda. Levison anasenza kabati thukuta lili kamukamu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamugwirako. Atamaliza kuikweza pa kalole, anatsegulira Maureen chitseko cha kutsogolo, pampando pamene anamukhazika tsiku loyamba lija.

Maureen anachidutsa. Anakwera kumbuyo, nakhala pansi pafupi ndi kabati, dzanja lake lili pa chipsera cha simbi, mpaka ku Kawale.